A Lyford Jere ndi Mavoti Oyanika Padzuwa

Alamu anga a Lyford Jere anali ndi mano afupiafupi ngati a mbuzi yokalamba, koma si ukalamba umene unawatha. Anatha ndi kuluma chimanga cha anthu. Zaka zisanu ndi ziwiri anali wopima pa depoti ya kopaletivu yathu ku Kanakantapa, ndipo thumba lililonse lisanakwere pa sikelo ankapisamo dzanja mpaka m'chigongono, n'kutulutsa njere zitatu za pansi, n'kuziluma imodziimodzi. Njere ikalira posweka, thumba likwere. Ikangophwanyika mwakachetechete, mwini wake asenze akayanikenso, kaya ndi mkulu wa mpingo kaya ndani. Akazi awo enieni, akulu anga a Nelesi, anabwezedwapo kawiri pamaso pa anthu, ndipo ulendo wachiwiriwo alamu anadya ndiwo zopanda mchere sabata yathunthu.

Anabadwira ku Katete. Amati ali mwana ankalira akaona mbatata itagawidwa mokondera, ngakhale yaikuluyo itagwera iwo. Ine kunalibe, koma ndimakhulupirira. Anapita ku Lusaka ali mnyamata n'kulowa ntchito yopima ufa pa chigayo china chachikulu. Anagwira zaka khumi ndi zinayi, mpaka tsiku limene kapitawo anawauza kuti azitapako kaufa pang'ono m'thumba lililonse, kochepa koti mayi wophika sangazindikire. Iwo anafunsa kuti nanga pathumbapo alembepo makilo angati. Ntchito inatha Lachisanu lomwelo. Mu 1989, boma likugawa mapuloti ku Kanakantapa, anakweza matilesi, mbaula ndi a Nelesi pa lole, n'kubwera kudzakhala alimi. Ine Tryness ndinawalondola chaka chotsatira ndi amuna anga.

Ulimi, kunena zoona, sunawayanje. Ankayeza mizere ndi chingwe mpaka mvula yobzalira itapita. Kopaletivu itafuna munthu wa pa sikelo, tonse tinapumula, makamaka munda wawo.

Sikeloyo sinali yawo, sinalinso yathu. Inali ya yuniyoni, bungwe la ku Chongwe limene linkagula chimanga cha makopaletivu asanu ndi awiri, yathu ikhala imodzi. Inali yachitsulo, yobiriwira, ya mawilo anayi, ndi mkono wautali woyendamo kachitsulo kosonyeza makilo. Alamu ankaipukuta ndi mafuta a makina osokera. Ankaifunditsa chitenje cha a Nelesi, osati chakale ayi, chatsopano chimene anagulira Khirisimasi. Pakona pa shedi ankasunga chidutswa cha njanji cha makilo khumi, ndipo m'mawa uliwonse ankachiika pa sikelo kuti aone ngati yagona bwino.

Anthu sankapimirapo chimanga chokha. Panakwerapo nkhumba za ukwati, mabatire, ndi azibambo ochira malungo. Chaka cha chilala cha 1992, tikudya chimanga chachikasu cha thandizo, mwana wanga Mwaiwathu anayamba kuonda. Loweruka lililonse ndinkakwera naye pa sikelo, kenako n'kumupatsira a Nelesi n'kukweranso ndekha, alamu n'kuchotsera. Masabata anayi otsatizana anandiuza kuti watsika. Ndinadana nawo kwambiri munthuyu. Ndinkafuna angonama kamodzi kokha kuti ndikagone tulo, koma iwo ankangoyang'ana kachitsulo kawo n'kunena nambala. Sabata yachisanu anati wakwera magalamu mazana awiri. Ndinakhala pansi pa simenti n'kulira, chifukwa ndinadziwa kuti akanena iwowo ndiye kuti n'zoona.

Mavuto a yuniyoni anaonekera mu 1994. Inatenga chimanga chathu, m'malo mwa ndalama n'kutipatsa mapepala olonjeza. Kwathu kunachoka matumba khumi ndi anayi. Pepalalo lili m'Baibulo mpaka lero, likudikira pamodzi ndi aneneri. Nthumwi yathu ya ku yuniyoni, poona mmene tinkaiyang'anira kutchalitchi, inasamukira ku Kafue osatsazika. Mu 1996 tinasankha alamu m'malo mwake, popeza panalibe wina amene tikanamukhulupirira ngakhale ndi nkhuku.

Patsiku lowasankha anaimirira n'kunena mawu amene anadzawapweteka nawo okha.

"Mvelani bwino," anatero. "Ine ku Chongwe sinizapita na mutu wanga. Nizapita na vamene mwanipasa imwe. Mukanipasa inde, ni inde. Mukanipasa iyayi, ni iyayi."

Tinaomba m'manja. Munthu akamakulonjeza kuti azikumvera, sumaganiza kuti adzachitadi.

Mwezi wa Ogasiti anabwera wapampando wa yuniyoni, a Ezron, akukankha njinga yamoto imene inathera mafuta pa mlatho. Atapukuta thukuta anatiuza chimene anadzera. Yuniyoni inali ndi ngongole ku banki, ndipo ikapanda kulipira pofika kumapeto kwa Sepitembala, banki idzalanda lole, mashedi ndi masikelo onse. Pempho linali lakuti kopaletivu iliyonse ipereke ndalama zimene mamembala anasonkha zogulira feteleza, yuniyoni ipulumuke, tidzabwezeredwe zinthu zikayera. Nthumwi zisanu ndi ziwiri zikavota ku Chongwe pakatha masabata awiri.

Woyamba kuyankha anali a Lazarous, amene kale anali kondakitala wa basi ndipo mawu awo anali asanatsikebe.

"Ba Ezron," anatero, "munadya milisi yathu, mwatipasa pepala. Manje mufuna na feteleza futi? Muzatipasa chani, envulopu yoikamo pepala ija?"

Anthu anaseka mpaka a Ezron anayamba kuyang'ana kumene anaimika njinga. Inenso ndinali mbali ya a Lazarous. Paja fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Koma alamu anaimirira n'kunena maganizo awo poyera. Anati yuniyoni yalakwa ndithu, koma ikafa sikelo ipita, ndipo otsala kugula chimanga adzakhala amalonda oyenda ndi ndowa zawo, ndowa zimene amazifewetsa pamoto n'kuzifutukula kuti zimeze zambiri. Anamaliza ndi kunena kuti awo ndi maganizo awo chabe, ndipo ku Chongwe adzanyamula athu.

Vuto linali lakuti maganizo athuwo awadziwe bwanji. Kukweza manja kunakanika, chifukwa kwathu mkamwini sakweza dzanja asanaone kumene laloza la apongozi ake, ndipo apongozi nawo amadikira abusa. Tinayesa kawiri, kawiri konse kunakwera manja a a Lazarous okha, onse awiri. Wina anati tilembe pa timapepala mwachinsinsi. Azimayi anakana kwamtuwagalu, amvekere mapepala tinakhuta nawo kale. Ndipo alamu, amene m'moyo mwawo monse funso lililonse ankaliyankha ndi makilo, anati tivote ndi chimanga.

Dongosolo lake linali lomveka bwino, mwina n'chifukwa chake tinalivomera msanga. Mamembala tinalipo makumi anayi, kuphatikiza alamu makumi anayi ndi mmodzi. Aliyense abwere ndi meda imodzi, chitini chija timayesera pamsika, chimene chimalowa makilo anayi ukachisalaza pamwamba. M'shedi mukhale matumba awiri, lomanga nsanza yoyera la inde, lomanga yofiira la iyayi. Munthu alowe yekha, atseke chitseko, akhuthule kumene mtima wake uli. Meda ibwere yofunditsa chitenje, chifukwa chimanga cha munthu chimadziwika ngati nkhope yake. Pomaliza matumba akwere pa sikelo, lolemera ndilo lipite ku Chongwe.

Palibe ndi mmodzi yemwe amene anakumbuka kuti ife ndife anthu amene takhala zaka zisanu ndi ziwiri tikuphunzira kunamiza sikelo imeneyo.

Tinavota Lolemba m'mawa. Anthu ankalowa akuyenda mopendekera mbali imodzi, ena meda ikudontha madzi m'chitenje. Atatha onse, alamu anapima. Thumba la iyayi linali makilo 104, la inde 83. A Lazarous anayamba kale kuvina, koma alamu ankawerenga ndi zala.

"Mameda fote ni makilo handiredi sikisite," anatero. "Apa pali handiredi eyite-seveni. Mavoti yanu yanenepa kuti?"

Anakhuthulira matumba onse pa simenti ya panja, lililonse mbali yake. Ndinachita manyazi ngati andivula. M'thumba la iyayi munatuluka miyala ya kumtsinje, mabawuti a pulawo, nkhwangwa yopanda mpini, ndi chimanga chonyika m'madzi chonenepa ngati cha chimera. A inde anayamba kutinyoza, koma lawo litakhuthulidwa munali mchenga, loko wakufa, ndi chimanga chakale chodyeka ndi anankafumbwe, pakuti anthuwa ankafuna kupulumutsa yuniyoni koma osati ndi chimanga chawo chabwino. Mbali zonse ziwiri munaonekanso njere zofiira zimene ankalima mayi Mavis okha, mayi wamasiye wa kuseri kwa dipi ya ng'ombe. Ndinawakumbutsa kuti mapanga awiri avumbwitsa. Iwo anati ali ndi mkamwini mbali iyi ndi wina mbali iyo, ndipo onse awiri amawalimira.

Munthu wina akanangothetsa zonsezo n'kuyambiranso. Alamu anati voti ikalowa yalowa, chofunika n'kuiyeretsa basi. Anatenga sefa n'kusefa. Anatola miyala n'kuiunjika pambali, eni ake osabwera kudzaitenga. Kenako anayamba kuluma. Analuma uku, analuma uko, n'kulengeza kuti maganizo a anthu a ku Kanakantapa ngonyowa, sangakwere pa sikelo mpaka atauma.

Choncho tinayanika mavoti padzuwa masiku atatu. Mbali iliyonse inaika alonda ake ndi zikoti. Nkhuku za mayi Mavis zitabwera, a Lazarous sanazithamangitsire kutchire, ankaziongolera bwinobwino ku mulu wa inde. A inde nawo ankazibweza. Tambala wina anayenda ulendo umenewo kasanu ndi kawiri, akudya uku ndi uku, mpaka anakhuta n'kukagona pakati. Masana dzuwa litatentha, anankafumbwe anayamba kuchoka ku mulu wa inde kupita ku wa iyayi, ndipo panabuka mkangano woti kodi asintha maganizo okha kapena atumidwa. Anakafunsa alamu. Iwo anayankha mosaseka kuti nankafumbwe si membala.

Madzulo aliwonse ankapima. Lachiwiri iyayi inkatsogola ndi makilo asanu ndi anayi. Lachitatu inatsala ndi atatu, poti madzi aja ankauluka. A Lazarous anapempha kuti kuyanika kuthere pomwepo, ati dzuwa lagulidwa ndi yuniyoni. Alamu analuma njere imodzi ya pakati pa mulu, sinalire, ndipo anati mawa.

Lachinayi njere zonse zinalira. Tinasonkhana tonse, ngakhale amene sanali mamembala. Alamu anayamba aika njanji yawo pa sikelo, inati khumi. Anakweza thumba la inde, analemba. Anakweza la iyayi, anasuntha kachitsulo ndi chala chimodzi pang'onopang'ono mpaka mkono unaima. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Iyayi yapambana na hafu kilo," anatero.

Pamenepo mayi Mavis analoza pawindo la shedi. Panali meda yodzaza, yosalaza bwino ndi lula ya kusukulu, itakhala pomwepo chiyambire Lolemba. Inali ya alamu. Potanganidwa ndi kulondera chitseko anali asanathire, kenako miyala ija inawaiwalitsa.

"Ba Jere, imwe simunavote," anatero mayi Mavis. "Thilani. Ndimwe membala."

Ngakhale a Lazarous ankadziwa kuti n'zoona. Tonse tinkadziwanso kumene makilo anayi amenewo akanagwera. Alamu anaitenga medayo, anaigwira pachifuwa, anayang'ana sikelo yawo, n'kuibwezera pawindo.

"Naona kale vamene sikelo yakamba," anatero. "Munthu akaona nambala elo aikapo vina, uja ni kuponda sikelo na mwendo. Nachedwa neka. Iyayi yapambana."

A Nelesi anawauza pamaso pa anthu kuti anakwatiwa ndi chitsulo. Iwonso anali atathira ku iyayi, koma zinawapweteka kuona mwamuna wawo akudzimana.

Tsiku la msonkhano azimayi anzanga anandituma kuti ndipite ndi alamu ku Chongwe ndikayang'anire dzanja lawo, poopa kuti a Ezron angawanyengerere ndi tiyi wamkaka. Tinakwera minibasi imodzi, ine ndi dengu la tomato kuti ulendo usapite pachabe. Msonkhano unali mu ofesi ya yuniyoni, ndipo ine ndinaima pawindo losweka galasi, pamene ndinkamva zonse.

Nthumwi ya cha ku Kasisi inati anthu ake akana, koma iyo ivomera, chifukwa namwino safunsa mwana ngati akufuna jekeseni. Ya cha ku Chalimbana inati sinafunse aliyense, koma ikukana, ndipo inafunsa ngati ndalama ya chakudya chamasana ilipo. Ena anayankhula zawo. Powerenga m'mutu ndinapeza ovomera awiri, okana anayi, alamu asananene kanthu.

Ataimirira, ndinamva munthu amene sindinkamudziwa. Anayankhula theka la ola. Anafotokoza mmene ndowa ya wamalonda imamezera meda yathunthu yaulere. Anafotokoza za mayi wamasiye amene sadziwa kuwerenga, amene chomuteteza chake n'chitsulo chokha chosadziwa kuti iye ndi wamasiye. Anati yuniyoni ichotse akuba ake, iwo atchula mayina ngati pafunika, koma isafe. Ine pawindo paja ndinaiwala chimene ananditumira, ndinkangovomera ndi mutu. Bambo wa ku Chalimbana uja anapukuta m'maso ndi chipewa n'kunena kuti wasintha maganizo.

A Ezron anati ovomera akweze manja. Anakwera atatu. Manja a alamu anali pamaondo. Anati okana akweze. Anakwera atatu, kenako lachinayi linakwera pang'onopang'ono, lili la alamu.

"Ba Jere, kapena simunamvele funso," anatero a Ezron. "Apa tikweza bokana."

"Namvela, ba cheyamani," anayankha alamu. "Pakamwa paja nakamba ine. Dzanja ili ni la bantu banituma."

Bambo wa ku Chalimbana anaimirira ndi mkwiyo. "Imwe mwanitembenuza ine, imwe mweka simunatembenuke?"

"Ine nili mbali yanu," anatero alamu, dzanja likadali m'mwamba. "Koma natsala na hafu kilo."

Yuniyoni inafa masana amenewo, manja anayi kwa atatu. Pobwerera m'minibasi ndinawapatsa alamu tomato mmodzi, anangomugwira m'manja mpaka kufika.

Kumudzi anawalandira ngati abwera ndi chikho cha mpira. A Lazarous anawanyamula paphewa. Ndalama zathu zinatsala, feteleza tinagula, ndipo chimanga cha chaka chotsatira chinabereka bwino. Ndiyenera kunena zimenezi, chifukwa mwina tikanapereka ndalamazo yuniyoni ikanazidyanso n'kufa ndithu, ife n'kutsala opanda feteleza, opandanso sikelo. Mpaka lero sindidziwa amene ankalondola.

Chikondwererocho chinatha mu Novembala, kalata itafika yoti akhoti akubwera kudzatenga katundu wa yuniyoni. Anthu omwe aja anawanyamula anapita kunyumba kwawo, a Lazarous ali patsogolo.

"Ba Jere, ife tinasankha imwe chifukwa muziba vinthu," anatero. "Manje munamvela ife chifukwa chani? Ife tiziba chani?"

Alamu anawakumbutsa lonjezo lija, ndi kuti anaomba m'manja. A Lazarous anati kuomba m'manja ndi ulemu chabe.

Anthu a khoti anafika Lachiwiri m'mawa ndi lole yodzaza kale mipando ndi matayala a m'madepoti ena. Mkulu wawo anali bambo wotopa, wa fumbi m'nsidze, pepala lili m'manja. Anayang'ana sikelo, anayang'ana malo otsala pa lole, ndipo zinaoneka kuti sakufuna kunyamula chitsulo cholemera chotero.

"Iyi isebenza?" anafunsa. "Ngati ni yakufa tizaisiya, tilembe sikilapu."

Sindinaonepo anthu a ku Kanakantapa akugwirizana msanga ngati tsiku limenelo. A inde ndi a iyayi anayankha pamodzi kuti inafa kalekale. A Lazarous analumbira kuti inawapima iwo makilo khumi ndi awiri. Mayi Mavis anati nkhuku zawo zimaikira mazira pansi pake. Inenso ndinanama, ndipo sindinachite manyazi. Bamboyo anali atayamba kale kulemba, koma anakweza mutu n'kufunsa kuti woisamala ndani. Tonse tinatembenukira kwa alamu. A Nelesi anawatsina pamkono ine ndikuona.

"Mudala, ni yakufa?" anafunsa bamboyo.

Sankafunika n'kuyankhula komwe. Akanangogwedeza mutu, kapena kutsokomola, sikelo ikanatsala. Koma anapita pakona, ananyamula njanji yawo, anavundukula chitenje, n'kuiika pa sikelo. Mkono unakwera n'kuima pa khumi, osagwedezeka.

"Sinanamepo," anatero. "Olo kamozi."

Anaikweza amuna asanu ndi mmodzi. Alamu anathandiza nawo, n'kumanga mkono wake ndi chingwe kuti usagwedezeke m'mabampu, n'kuuza dalaivala kuti asamaike kanthu pamwamba pake. Anthu a khoti anapezanso matumba awiri aja m'shedi, la nsanza yoyera ndi la yofiira, anati ndi katundu wa depoti, n'kuwaponya pa lole. Anatisiyira njanji ndi chitenje. A Nelesi anachitola chitenjecho, koma sanachivalepo.

Chaka chotsatira anabwera Lemmy, wamalonda wa ku Lusaka, ndi ndowa yake yabuluu yotupa m'mimba. Tinkadziwa kuti ikutibera, koma tinalibe chotsutsira. Ndiye anthu anayamba kupita ndi matumba awo kwa alamu asanakagulitse. Iwo ankayamba anyamula njanji ija kuti manja akumbuke, kenako n'kukumbatira thumba, kulinyamula pang'ono, kutsinzina, n'kunena makilo. Lemmy ankaseka n'kufunsa kuti sikelo yoyenda ndi miyendo ili ndi chidindo cha boma kodi. Tinkagulitsabe pa ndowa yake, popeza wogula analipo yekha, koma tinkapita tikudziwa kuti atibera zingati. Alamu sanalipiritsepo munthu. Pofika 1999 msana unali utatha, ankayenda chowerama, ndipo ankapima atakhala pa mpando, zinthu zing'onozing'ono zokha.

Chaka chimenecho ndi pamene ndinawauza chimene ndinasunga zaka zitatu. Tsiku lovota lija ine sindinaike mwala, sindinanyike chimanga m'madzi. Changa chinali chouma, choyera, choti sefa ndi mano sizikanachikana. Koma meda yanga sindinaisalaze. Ndinaiunjika mutu mpaka njere zikugwa, ndikuganiza matumba anga khumi ndi anayi, n'kufunditsa chitenje, n'kukakhuthula yonse ku iyayi.

Ndinawapeza pakhonde masana, a Nelesi atapita kudimba. Ndinafotokoza zonse, n'kumaliza ndi kuseka pang'ono kuti kamutu ka meda n'kachiyani, sikangafike n'komwe theka la kilo. Ndinkafuna avomere. Anali munthu wokalamba, wodwala, sikelo inali itapita kale, ndipo bodza limenelo silikanapweteka aliyense.

"Bweletsani meda, mulamu," anatero. "Muike mwamene munaikila."

Ndinakatenga meda ya a Nelesi m'nkhokwe n'kuiunjika monga tsiku lija. Anayala kansalu pamiyendo, anatenga lula, anasalaza pamwamba, njere za pamutu n'kugwera pansalupo. Anamanga kafukusi, anakaika pachikhatho, anatsinzina. Anakakweza n'kukatsitsa katatu. Ndinawayang'ana kumaso monga ndinkachitira masiku a Mwaiwathu, ndikupempha chamumtima.

"Yapitilila hafu, mulamu," anatero. "Pang'ono chabe, koma yapitilila."

Anamasula kafukusi kaja, anabwezera njere zonse mu meda osataya ndi imodzi yomwe, n'kundipatsa kuti ndikabwezere m'nkhokwe.